A Thielen, amene anatseka limba kuti ife tiimbe

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa a Alois Thielen m'kapepala kathu ka parishi, chifukwa mwa anthu amene tinawaona akufika kuno ku Kilrossan tatsala ochepa, ndipo mwa ochepawo amene mutu ukugwirabe ntchito ndine ndekha. Ndine Hanora Tuohy. Ndakolopa tchalitchi chathuchi kuyambira ndili mtsikana, ndipo nyumba yanga inagundana khoma ndi ya a Thielen. Sindikometsera kalikonse. Eniakewo ankadana ndi zokometsera, nanenso nthawi ndilibe.

A Thielen anabadwa m'chaka cha 1900 ku Jeremani, m'kamudzi ka alimi a mphesa m'mbali mwa mtsinje wa Mosel. Bambo awo anali osoka nsapato, mayi awo ankachapira anthu zovala. Ali mwana, ntchito yawo ya Lamulungu inali yopopa mpweya m'limba la m'tchalitchi, ndipo ankatiuza kuti ali kuseriko ankamva pansi pakunjenjemera. Chonjenjemeretsacho si limba ayi, anali anthu. Kwawoko tchalitchi chonse chimaimba, alimi, nkhalamba zopanda mano, ngakhale amene agona kumowa. Iwo anakula akudziwa kuti kupemphera n'komweko.

Nkhondo yoyamba inawalanda mkulu wawo, ndipo nawonso anaigwira cha kumapeto, ndevu zisanamere bwino. Sankaikamba. Atabwerako anaphunzira nyimbo za m'tchalitchi, kuliza ndi kupeka komwe, koma ntchito kunalibe. Atamva kuti wansembe wina kuno ku Ireland akufuna woliza limba, ananyamula kasutikesi, vayolini ndi kolona ya mayi awo, n'kukwera sitima. Anafika m'chaka cha 1926, mvula ikugwa, ndi chipewa chimene tauni yonse inachiseka mpaka Khirisimasi.

Lamulungu lawo loyamba ndimalikumbuka, ngakhale ndinali kamwana. Anakwera pansanja ya limba kumbuyo kwa tchalitchi, n'kuliza mawu oyambira nyimbo, kenaka n'kutsegula limba lonse kuti mpingo ulowe. Tiatsikana ta masisitere ta m'kwaya tinalowa. Ena onse anangoti zii. Amayi anali pa kolona zawo. Abambo, monga mwa nthawi zonse, anali kumbuyo pafupi ndi khomo, bondo limodzi pa chipewa, mwendo winawo wokonzeka kutuluka.

Misa itatha a Thielen anathamangira kwa a Bambo Considine, amene anali mfumu ya parishi masiku amenewo.

"Bambo, kodi anthuwa afedwa?"

"Ayi, ali bwinobwino. Alikonda kwambiri limba lanu."

"Nanga bwanji sanaimbe?"

"Kuno m'tchalitchi sitiimba, a Thielen. Kuimba n'kwa kwaya."

"Chifukwa chiyani?"

"Mukanafunsa agogo awo. Ine ndinazipeza zili choncho."

Kuchokera tsiku limenelo munthuyu sanakhalenso pansi. Sindikunena mophiphiritsa ayi. Tiyi ankamwa ataimirira. Poyembekeza kuulula machimo ankayendayenda mpaka anthu kuwapatsa malo kuti alowe msanga. Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo ankachinena kwa aliyense, wogulitsa nyama ndi wonyamula makalata yemwe: kuti anthu a ku Kilrossan adzaimbire Mulungu ndi pakamwa pawo m'nyumba yake.

Poyamba anaganiza kuti nyimbozo sitikuzidziwa. Anasindikiza mawu ake pa timapepala n'kuika pa mabenchi. Abambo anapinda timapepalato bwinobwino n'kugwadira, popeza pansi pankazizira. Kenaka anaganiza kuti nyimbo za kwawo n'zachilendo, ndiye anayamba kupeka zatsopano, zosavuta, m'chilankhulo chathu. Anthu anazimvera n'kumati n'zokoma. Pomaliza anaganiza kuti limba n'laling'ono, silikuwakankha mokwanira. Anavutitsa a Bambo Considine mpaka anawonjezera mapaipi, ndipo ankaliza mwamphamvu moti fumbi linkagwa kudenga, wosesa ndine. Potuluka anthu ankawagwira chanza.

"Lero ndiye mwatigwetsera kumwamba, aphunzitsi."

"Nanga inu munali kuti?"

"Ndimamvetsera, aphunzitsi. Sindinaphonye ngakhale kamodzi."

Mkati mwa sabata ankakhalira panjinga. Ankaphunzitsa ku sukulu ya anyamata, ku sukulu ya masisitere ndi ku timasukulu ta kumidzi, mvula kaya mphepo, mathalauza atamanga ndi chingwe m'miyendo. Madzulo ankaphunzitsa piyano ana a eni masitolo, ndipo ana a anthu osauka ankawalowetsera khomo la kukhitchini osawafunsa kanthu. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ngakhale anandiuza poyera kuti zala zanga zinalengedwera kusenda mbatata. Sankamenya mwana. Ankangoti, "Kachiwiri," ndipo pofika kachikhumi unkalakalaka akanangokumenya. Ankakondanso kunena kuti, "Pakamwa Mulungu sanakupatse kuti uziyasamulira pokha."

M'kalasi ana onse ankaimba, anyamata omwe. Koma mnyamata akangovala thalauza lalitali ankasamukira kumbuyo kwa tchalitchi, n'kugwada pa chipewa ngati bambo ake, pakamwa tseke. A Thielen ankawaona kuchokera pansanja, mmodzimmodzi, ana amene anawaphunzitsa okha. Izi zinkawapweteka kuposa china chilichonse.

Anakwatira a Delia Culhane, osoka zovala, mayi wodekha amene ankatha kuwakhazika pampando nthawi yokwanira kudya mbatata ziwiri. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Trudi, n'kumutenganso asanayambe sukulu, ndi matenda a pakhosi amene anasesa ana ambiri chaka chimenecho. Lamulungu lotsatira a Thielen anali pansanja. Ndinawapeza Lolemba lake atagwada kuseri kwa limba, pamalo opopera mpweya, ndipo ndinatuluka ndi ndowa yanga osakolopa.

Nkhondo yachiwiri inawapeza kuno. Dziko lathu silinalowe nawo, koma pakamwa pa anthu panalowa. Anyamata ankawaguba kumbuyo akamadutsa, wina anawaphwanyira zenera, ndipo makolo angapo anachotsa ana awo ku piyano. Iwo zenera analimata ndi katoni, osadandaula kwa munthu. Mlongo wawo anafa ndi mabomba kwawoko, uthenga n'kufika patapita miyezi. Anapempha Misa ya mzimu wake, n'kupemphanso kuti pa Misa yomweyo atchulidwe mwana wa ku banja la a Galvin, amene anafera m'gulu la asilikali a mbali inayo. Panthawi imeneyi m'pamene anayamba kupeka Misa yawo yaikulu, yoimbidwa ndi kwaya ya magulu anayi a mawu pamodzi ndi limba, yokumbukira Trudi ndi mlongo wawoyo. Ndinkaimva kudzera m'khoma zaka ndi zaka, kachigawo kamodzimodzi kubwerezedwa mpaka ine kukadziwa pamtima.

Nkhondo itatha, tchalitchi china chachikulu cha kwawo chinawaitana kuti akakhale woliza limba. Kumeneko kunali kwaya yoti ikanaimba Misa yawoyo, ndi mpingo woimba wosachita kuupempha. Sutikesi inatsika pamwamba pa kabati. Inakwera, inatsikanso. Mwezi wonse ankangozungulira munda wa kabichi ngati galu womangidwa. A Delia anatopa nazo.

"Bambo a Trudi, mundiuze chimodzi. Ndisoke makatani atsopano kapena ndigulitse akalewa?"

A Thielen anapita kutchalitchi, anakhalako mpaka nthawi ya chakudya, ndipo pobwera anati, "Sokani makatani. Kumeneko akuimba kale. Ine ndikapitako kukatani?"

Anatsala, koma mtima sunakhale pansi, ndipo tchalitchi chinali chete ngati kale.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1961, pa maliro a apongozi anga, bambo awo a mwamuna wanga Malachy. A Thielen pa maliro ankabwera ndithu, koma ankangonena nawo kolona n'kuthamangira ku phunziro lina. Kumowa sankapita. Choncho m'zaka zonsezo anali asanakhalepo m'khitchini ya anthu a kuno nthawi imene mapemphero atha, tiyi ndi mowa zazungulira. Tsiku limenelo tayala la njinga linaphwa, mvula inalimba, ndipo a Delia anawagwira jekete kuti akhale.

Chakumasana wina anapempha a Thady Lernihan, mlimi wa nkhosa, kuti aimbe nyimbo imene malemuwo ankaikonda. A Thady anakana kawiri monga mwa mwambo, kenaka anatembenukira kukhoma, n'kutsinzina, n'kuyamba. Nyumba yonse inati zii. A Thielen maso anatuluka. Ndime yoyamba anapirira. Pa ndime yachiwiri analowa ndi mawu a pansi, mokoma ndithu, kuti amuthandize munthuyo.

A Thady anasiya pomwepo. Anatsegula diso limodzi.

"Kodi yasanduka yanu, aphunzitsi? Itengeni, malizani."

"Ayi, ndimangokuthandizani."

"Ndagwa kodi?"

Anthu anaseka chamumtima. Malachy anawakoka dzanja a Thielen n'kuwanong'oneza, koma ine ndinali pafupi ndi ketulo, ndinamva.

"Aphunzitsi, nyimbo ya munthu salowamo. Wina akamaimba kapena kuliza, enafe timakhala chete. Ulemu wake ndi umenewo. Akamachita bwino kwambiri, m'pamene timakhalanso chete kwambiri."

A Thady anayambiranso n'kumaliza. Atapukuta pakamwa anati, "Ndaimba, ndiye woitana ndine. Malachy Tuohy."

"Aa, achimwene, lero ndine namfedwa."

"Namfedwa alibe pakhosi? Ndakuitana."

Ndipo Malachy, munthu amene m'tchalitchi sankatulutsa ngakhale Amen womveka, anaimirira n'kuimba ndime zonse. Aliyense kuno amadziwa kuti amene waimba ali ndi ufulu wotchula wotsatira, ndipo wotchulidwayo akakana wanyoza nyumba. Kwa ife zinali ngati kupuma mpweya. Palibe anaganizapo zowauza a Thielen.

Ndinawapeza panja pa mvula, opanda chipewa, akuyenda uku ndi uku pakati pa khola ndi mpanda.

"Hanora, ndiye kuti zaka zonsezi amandipatsa ulemu?"

"Ndithu, aphunzitsi. Lowani, mudwala."

"Ine kuwonjezera mapaipi, iwo kuwonjezera ulemu."

"Eya. Lowani."

"Ndiye kuti wowatseka pakamwa ndine."

A Delia, amene anabwera ndi chipewa, anati, "Ndinakuuzanipo, bambo a Trudi, chaka chimene tinakwatirana. Munali mukuwerenga kugunda kwa nyimbo."

Posakhalitsa inafika nyengo ya Lenti, imene masiku amenewo limba linkapuma. Lamulungu loyamba, nthawi ya chopereka, a Thielen anatsika pansanja n'kukaima kumbuyo pakati pa abambo. Amunawo anasuntha ngati pafika wapolisi. Popanda limba, popanda kwaya, anayang'ana khoma, n'kutsinzina, n'kuimba okha ndime yoyamba ya nyimbo imene anaipeka kale n'kuiphunzitsa m'masukulu onse, ija yoyamba ndi mawu akuti, "Ambuye, tsekulani khomo, mvula yatipeza panjira." Mawu awo sanali okoma. Anali woliza, osati woimba. Atamaliza ananena momveka mpaka kuguwa:

"Ndaimba, ndiye woitana ndine. Malachy Tuohy."

Ndinatembenuka, ndipo tchalitchi chonse chinatembenuka. A Bambo Considine anaima ndi chikho m'manja. Mwamuna wanga anafiira mpaka m'makutu.

"Aphunzitsi, muno?" anatero chapansipansi.

"Ndakuitana."

Anayang'ana khomo. Linali pafupi, ndipo ndinkamudziwa, ndinaona kuti atuluka. Koma bambo ake anali asanathe mwezi m'manda, ndipo a Thady Lernihan anali pambali pake akumuyang'ana. Anadzuka pa chipewa chija, n'kuimba ndime yachiwiri maso ali pansi. Sanaphonye liwu, popeza anaiphunzira ali mwana ndi "kachiwiri" wambirimbiri. Atamaliza, ndi mkwiyo womwe, anati, "Festy Galvin," ndipo Festy anaimba yachitatu akumutukwana Malachy ndi maso.

Kunyumba Malachy sanadye. "Mjeremani uja wandivula pamaso pa anthu," anatero. Ine ndinamuuza kuti adye, mbatata sizinamulakwire.

A Bambo Considine sanakondwe. Anati tchalitchi si khitchini ya maliro. A Thielen anapempha kuti awalole mpaka Pasaka basi, ndipo wansembeyo, pokhala wokalamba ndi wotopa, anavomera. Lamulungu lililonse ankaitana wina. Amuna ena anayamba kubisala kuseri kwa mzati, ena kupita ku Misa ya m'mamawa, koma kumenekonso ankawapeza. Kenaka oitanidwa aja, poopa kuima okha, anayamba kugwira anzawo chigongono kuti awathandize pa mawu obwereza. Amayi, poona kuti amuna awo akuvutika, analowa nawo. Pofika Lamulungu la Kanjedza, mawu obwerezawo ankaimbidwa ndi theka la tchalitchi.

Pa Pasaka a Thielen anakwera pansanja ndi chimwemwe, n'kutsegula limba lonse pa nyimbo yomwe ija. Tchalitchi chinati zii. Aphunzitsi akuliza, ndani angalowemo?

Masana ake sindinamve piyano m'khoma. Ndinangomva mapazi, kupita ndi kubwera. Chaka chotsatira tchalitchi chathu chinkakwanitsa zaka zana, ndipo zinali zitagwirizanidwa kale kuti Misa yawo yaikulu ija idzaimbidwa pa chikondwererocho, kwaya ya mumzinda itabwera kudzathandiza. Lachiwiri lake anapita kwa a Bambo Considine. Ine ndinkapukuta zoikapo makandulo m'chipinda chovalira ansembe, ndipo sanandiuze kuti ndituluke.

"Bambo, limba ndilitseka. Ndiziliza anthu asanalowe ndi potuluka, ndi pa maukwati. Pa nyimbo za mpingo ayi."

"Tinakuitanani kuchokera kutali kuti mudzalize limba, a Thielen."

"Munandiitana kuti Mulungu atamandidwe. Ndikaliza, amatamandidwa ndi munthu mmodzi."

"Nanga Misa yanu ija? Kwaya tailonjeza kale."

A Thielen anaima malo amodzi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Kenaka anati, "Tsiku limenelo akadzakhala chete kumvetsera ine, adzabwerera kumene anali. Auzeni a mumzindawo asavutike."

Misa imeneyo sinaimbidwepo. Pa chikondwerero cha zaka zana tinaimba tokha nyimbo za kusukulu, a Thielen ali kumbuyo pakati pa abambo, manja m'matumba kuti asatiwongolere.

Musaganize kuti pamenepo anapeza mtendere. Ife timaimba mokoka, aliyense kukhotetsa mawu mmene akufunira, wina kutsogola, wina kutsalira. Kwa munthu wophunzira nyimbo ngati iwo chinali chilango cha sabata ndi sabata. Ndinkawaona akukukuta mano. Potuluka ankandiuza kuti, "Hanora, lero mwaipha nyimbo yanga, mwaiika m'manda, mwakhalanso pamtumbira." Ine ndinkati, "Kwerani pansanja, mutiwongole." Iwo ankati, "Ayi. Mwini wake kumwambako waimva." Zala zawo zinkayenda zokha pa thalauza. Nthawi zina pakati pa sabata, tchalitchi chikakhala chopanda munthu, ankakwera n'kuliza kachigawo ka Misa ija, ine ndikukolopa pansi. Akamaliza ankatseka n'kutsika.

A Delia anamwalira m'chaka cha 1970. Kuyambira pamenepo chakudya chinkachokera kwanga, ndipo ankachidyabe ataimirira. Anapitiriza kuphunzitsa ana mpaka nyamakazi inapinda zala, njinga n'kuipereka kwa wonyamula makalata. Misa ya tsiku ndi tsiku sanaphonye mpaka miyendo inakana. Miyezi yomaliza anagona m'chipinda choyang'ana kutchalitchi, ndipo ngakhale pabedi sankakhazikika. Bulangete ndinkalitola pansi kangapo pa tsiku. Chimene chinkawadya chinali chakuti kumbuyo kuja kulibenso woitana.

"Ndikapita adzasiya, Hanora."

"Mwina adzasiya. Imwani msuzi."

Analandira masakramenti Loweruka, mu Okutobala wa 1978. M'mawa mwake ine sindinapite ku Misa, ndinakhala nawo. Anandiuza kuti nditsegule zenera. Ndinati kukuzizira. Anati nditsegule. Kwa nthawi ndithu sitinamve kanthu koma akhwangwala, ndipo mutu wawo unkangotembenuka pa pilo. Kenaka nthawi ya chopereka inakwana, ndipo tinamva tchalitchi chikuyamba nyimbo, amuna ndi akazi pamodzi, kuyambira ndime yoyamba.

"Waitana ndani?" anafunsa.

"Sindinamve dzina, aphunzitsi. Angoyamba."

Anamvetsera. "Akukoka."

"Akukoka ndithu."

Chala chawo chinayamba kugunda pa bulangete, mofulumira, mmene nyimboyo anailembera. Pa ndime yachiwiri chinayamba kuchedwa, mpaka chinagwirizana ndi anthuwo. Anapita nawo choncho mpaka kumapeto. Nyimbo itatha dzanja linagona, ndipo anapuma pang'onopang'ono ngati mwana. Anatisiya belu la masana lisanalire. Ndinawatseka maso, n'kuika kolona ya mayi awo m'manja, kenaka ndinatseka zenera.

Bambo Mfumu akuti ndimalize ndi phunziro. Ndi ili. Munthuyu anali ndi mphatso imodzi yaikulu, ndipo ataona kuti ikutchinga anthu kwa Mulungu, anaiika pansi, n'kukaima pafupi ndi khomo pamodzi ndi ife oimba moipa. Sizinamukomere ngakhale Lamulungu limodzi, koma pa nyimbo za mpingo sanabwerere pansanja. Ambuye awapatse mpumulo, ngati angavomere kukhala pansi.

Tsono miyezi yapitayi ndaona kuti kumbuyo kwayambanso kukhala chete, makamaka inu anyamata a mathalauza aatali. Malachy anapita, a Thady anapita, koma ine ndilipo. Mawu anga ndi oipa kuposa a aphunzitsi, ndipo manyazi anandithera kalekale. Lamulungu likubwerali ndikhala pafupi ndi khomo, ndipo mayina anu ndimawadziwa onse.